Mankhwala akatuluka m'famase: pamene angabwezedwe ndi pamene sangabwezedwe

Mumzinda wa Lilongwe muno mafamase ndi timasitolo ta mankhwala zachuluka kwambiri, kuyambira ku Old Town ndi ku City Centre mpaka ku Kawale, ku Area 23 ndi ku Area 25, ndipo ambiri a ife timalowamo titauzidwa kuchipatala kuti mankhwala amene dokotala walemba m'buku mwathu kulibe, tikagule tokha. Munthu amapereka ndalama yomwe akadagulira ufa wa ana, n'kutenga mankhwala a mwezi wathunthu, koma pakangopita masiku awiri dokotala n'kuwasintha, kapena wodwalayo n'kuyamba kutuluka ziwengo, kapenanso matenda n'kukula mpaka wodwalayo kutisiya. Zikatero wachibale amanyamula botolo lija, mwina lisanatsekulidwe n'komwe, kubwerera nalo kumene adaligula, ndipo yankho limene amalandira nthawi zambiri ndi lakuti, "Pepani bambo, mankhwala akatuluka pakhomo pano sitiwalandiranso." Mawu amenewa amawawa, ndipo n'zosadabwitsa kuti ena amachokapo akuganiza kuti wogulitsayo wangokonda ndalama. Komatu pali pamene wafamase amakana molondola, pali pamene alibe ufulu wokana, ndipo palinso mankhwala oyenera kubwezedwa ngakhale munthu atapanda kulandira khobidi lililonse.

Chifukwa chachikulu chimene famase imakanira n'chakuti wogulitsa sangathe kudziwa mmene mankhwala adasungidwira kuchokera pamene adachoka m'manja mwake. Pa mabokosi a mankhwala ambiri pamalembedwa kuti asungidwe pamalo ouma, osafika dzuwa, ndiponso osatentha kupitirira madigiri 25 kapena 30. Aliyense amene adakhalapo m'nyumba ya malata yopanda siling'i mu Okutobala ndi Novembala akudziwa kuti masana m'nyumbamo mumatentha kuposa pamenepo, ndipo m'galimoto yotsekedwa mawindo imene yaimikidwa padzuwa mumatentha koposa. Nyengo ya dzinja nayo imabweretsa chinyezi, chomwe chimafewetsa mapiritsi ndi kumatanitsa makapusozi. Nthawi zina kuwonongekako kumaoneka ndi maso, koma kawirikawiri sikuoneka, pakuti piritsi limene mphamvu yake yachepa limakhalabe loyera bwino ngati linzake. Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Vutoli limakula kwambiri pa mankhwala osungidwa m'firiji. Insulin ya odwala matenda a shuga iyenera kukhala pozizira pakati pa madigiri 2 ndi 8 isanatsekulidwe, ndipo ikauma ngati madzi oundana imawonongeka, chimodzimodzinso ikatenthedwa. Ikatsekulidwa, mitundu yambiri imagwiritsidwa ntchito kwa masiku pafupifupi 28 okha. Wogula akhoza kulumbira ndi mtima wonse kuti botolo linali m'firiji nthawi yonseyi, ndipo akhoza kukhala akunena zoona, koma magetsi akadazima tsiku lathunthu iye ali kuntchito, kapena botololo likadagundana ndi chipinda chopangira ayisi, nthawi zambiri palibe chizindikiro chimene chingatsale. Munthu wachiwiri amene angagule insulin yoteroyo adzadzibaya mlingo woyenera, shuga osatsika, ndipo iye ndi dokotala wake adzataya nthawi kufunafuna chifukwa kwina. Mankhwala a ana osungunula ndi madzi, monga amoxicillin wa ufa, amakhala ndi mphamvu kwa sabata imodzi kapena ziwiri akasungunulidwa, pomwe mankhwala odontheza m'maso nthawi zambiri amatayidwa pakatha masabata anayi atatsekulidwa, chifukwa tizilombo timatha kulowa m'botolo.

Chifukwa china n'chokhudza anthu a mtima woipa, ngakhale kuti wobweza mankhwala wamba alibe maganizo otero. Mu 1982 anthu asanu ndi awiri adamwalira mumzinda wa Chicago ndi madera ozungulira, m'dziko la America, atamwa makapusozi othetsa ululu a Tylenol momwe wina adathiramo poizoni wotchedwa cyanide. Ngozi imeneyi ndiyo idachititsa kuti makampani ayambe kumata mabotolo a mankhwala mwanjira yoti akatsekulidwa zizioneka. Kumatako kumathandiza, koma akatswiri opanga zinthu zachinyengo amakutsanziranso. Mu 2017 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO lidalengeza kuti m'maiko osauka ndi ongotukuka kumene, pafupifupi mankhwala amodzi mwa khumi aliwonse amakhala achinyengo kapena osafika pamlingo woyenera. Famase yolembetsedwa imagula mankhwala kwa ogulitsa ovomerezeka, ndipo ili ndi mapepala osonyeza kumene bokosi lililonse lidachokera. Ikayamba kulandira mabotolo ochokera m'matumba mwa anthu n'kumawabwezera pashelefu, ndiye kuti yatsekulira khomo aliyense wofuna kusinthanitsa mankhwala abodza ndi enieni. Mfundo imeneyi ndi yolimba moti ngakhale malangizo a WHO okhudza mankhwala operekedwa ngati thandizo amaletsa kupereka kwa anthu ena mankhwala amene adaperekedwapo kale kwa wodwala n'kubwezedwa, ngakhale olandirawo atakhala pamavuto aakulu chotani.

Kuno kwathu palinso kagulitsidwe kamene kamachititsa kuti kubweza kuvute kwambiri. Mapiritsi ambiri amachokera m'chitini chachikulu, amawerengedwa ndi kuikidwa m'kathumba ka pulasitiki kolembedwa dzina la mankhwala ndi kamwedwe kake. Mapiritsi oterewa asiyana kale ndi nambala ya gulu limene adapangidwira, ija imalembedwa kuti Batch kapena Lot, ndipo nthawi zambiri asiyananso ndi tsiku lothera mphamvu. Mapiritsi oyera ozungulira alipo mitundu yosawerengeka, ndipo ngakhale katswiri wa zamankhwala sangatsimikize ndi maso okha kuti amene abwera m'kathumbawo ndi omwe aja adatuluka dzana. Choncho wafamase akakana, munthu amene akumuteteza ndi wodwala wina yemwe adzabwere mawa, ndipo ine ndikuona kuti famase imene imalandira mankhwala obwezedwa mosavuta n'kuwagulitsanso ndi yoyenera kuiopa kusiyana ndi imene imakana.

Koma kukana kumeneku kuli ndi malire, ndipo apa ndi pamene ogula ambiri amaponderezedwa chifukwa chosadziwa. Zonse zimene zafotokozedwazi zikukhudza mankhwala abwino, operekedwa molondola, amene wogula sakuwafunanso pa zifukwa zake. Nkhani imasintha cholakwa chikakhala cha wogulitsa. Ngati dokotala adalemba mankhwala ena koma wogulitsa n'kupereka ena a dzina lofananako, ngati adapereka a mphamvu ya akulu m'malo mwa ya mwana, ngati tsiku lothera mphamvu linali litadutsa kale pamene amagulitsidwa, ngati botolo linali losweka kapena chomatira chake chinali chitang'ambika, wogula ali ndi chifukwa chomveka chofunira kuti amusinthire kapena amubwezere ndalama zake. Mankhwalawo sabwerera pashelefu ayi, famase imawaika padera kuti akawonongedwe kapena akabwezedwe kumene idawagula, ndipo kuluzako ndi kwa famaseyo. Lamulo la mpikisano ndi malonda achilungamo, limene lidakhazikitsidwa mu 1998 ndi kukonzedwanso mu 2024, limaletsa wamalonda kudzichotsera udindo pa katundu wowonongeka, ndipo bungwe la Competition and Fair Trading Commission, lomwe likulu lake lili mumzinda muno, limalandira madandaulo a ogula pa nkhani zotere. Chikwangwani cholembedwa pakhoma kuti katundu akagulidwa sabwezedwa sichingafafanize ufulu umenewu.

Mbali ya ukatswiri ili m'manja mwa bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, lodziwika kuti PMRA, limene lidakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2019 kulowa m'malo mwa Pharmacy, Medicines and Poisons Board. Bungweli ndilo limalembetsa mankhwala ololedwa kugulitsidwa m'dziko muno, limapereka ziphaso kwa mafamase ndi kwa akatswiri ogwiramo ntchito, ndipo ndilo limalamula kuti mankhwala ena achotsedwe pamsika akapezeka ndi vuto. Munthu amene wapatsidwa mankhwala olakwika kapena okayikitsa asakhutire ndi kubwezeredwa ndalama kokha, makamaka ngati wodwala anali atamwa kale, chifukwa cholakwa chimene sichidalembedwe paliponse chimachitikanso kwa wina. Choyamba wodwalayo aonedwe ndi dokotala, botolo lili m'manja, kenako nkhaniyo ikafike kwa mkulu wa famaseyo, ndipo ikapanda kumveka ipite ku PMRA.

Kuchotsa mankhwala pamsika ndi nthawi imene kubweza kumakhala udindo wa aliyense. Mu Okutobala 2022 bungwe la WHO lidachenjeza za mitundu inayi ya mankhwala amadzi a chifuwa ndi chimfine a ana imene idapezeka m'dziko la Gambia ili ndi diethylene glycol ndi ethylene glycol, zinthu zapoizoni zimene zimawononga impso, ndipo ana pafupifupi 70 adamwalira. Chenjezo lotere likatuluka limatchula dzina la mankhwala, kampani yopanga, ndi nambala ya gulu. Ichi ndi chifukwa chake bokosi la mankhwala siliyenera kutayidwa mankhwalawo asanathe, pakuti popanda nambalayo mayi sangadziwe ngati botolo limene lili m'nyumba mwake likukhudzidwa. Mankhwala ochotsedwa pamsika amabwezedwa ngakhale atatsekulidwa ndi kumwedwako theka, ndipo wogulitsa sayenera kuwakana, chifukwa cholinga chake n'chakuti achoke m'makomo.

Pali nkhani ina imene imabweretsa mikangano pakauntala, ya mankhwala amene sadamuyanje wodwala. Munthu wamwa Bactrim n'kutuluka zilonda m'kamwa ndi pakhungu, kapena wamwa mankhwala ena a kuthamanga kwa magazi n'kuyamba kutsokomola kosalekeza, ndipo akuona kuti adagulitsidwa chinthu choipa. Nthawi zambiri mankhwalawo amakhala abwinobwino, koma matupi athu amalandira mankhwala mosiyana, choncho famase siikakamizika kubweza ndalama. Ngakhale zili choncho, ulendo wobwerera kufamase kapena kuchipatala ndi wofunika, kuti dzina la mankhwalawo lilembedwe m'buku la kuchipatala la wodwalayo asadzapatsidwenso, ndiponso kuti lipoti lifike ku PMRA, komwe amasonkhanitsa malipoti a zovuta zobwera ndi mankhwala. Malipoti ambiri ofanana ochokera m'madera osiyana ndi amene amaulula gulu la mankhwala limene lili ndi vuto lenileni.

Zinthu zina zogulitsidwa m'famase zili ndi malamulo ofewerapo, koma osati zonse. Makina oyezera kuthamanga kwa magazi, makina oyezera shuga ndi zoyezera kutentha kwa thupi ndi zipangizo ngati zina zonse, ndipo zikapezeka kuti sizikugwira ntchito wogula abwerere nazo pamodzi ndi lisiti ndi bokosi lake, popeza zambiri zimakhala ndi chitsimikizo cha kampani cha nthawi yakutiyakuti. Ndodo zoyendera ndi njinga za anthu aulumali zimene sizidagwiritsidwe ntchito, sitolo ikhoza kuzilandira malinga ndi ndondomeko yake, ndipo ndi bwino kufunsa ndondomekoyo musanalipire. Koma chilichonse chimene chimakhudza magazi, bala, kapena m'kati mwa thupi chimatsatira njira ya mankhwala: majakisoni, mabandeji, makondomu, zoyezera mimba, zida zodziyezera HIV, ndi timapepala toyezera shuga, tomwe timawonongeka msanga ndi chinyezi n'kumapereka zotsatira zabodza. Mkaka wa m'chitini wa makanda nawonso masitolo ambiri salandira ukatuluka, pa chifukwa chomwecho chakuti palibe angatsimikize kuti chitinicho sichidatsekulidwe. Amene adalipira kudzera m'mabungwe a inshuwalansi ya zaumoyo monga MASM akumbukire kuti ndalama imene idalipiridwa ndi bungwe siingabwezedwe m'manja mwa wodwala, koma famase iyenera kukonza zolembera zake kuti mankhwala olakwikawo asadye gawo la ndalama zimene membala amaloledwa kugwiritsa ntchito pachaka.

Mankhwala a kuchipatala cha boma ali ndi nkhani yawoyawo, pakuti munthu sadalipire, ndiye funso la ndalama palibe. Komatu ndi omwewa amene amatsala ambiri m'makomo. Masiku ano odwala amene akupeza bwino pa ma ARV amalandira mabotolo a miyezi itatu mpaka isanu ndi umodzi pakamodzi, ndipo odwala chifuwa chachikulu amamwa mankhwala kwa miyezi isanu ndi umodzi kapena kuposerapo. Wodwala akasinthidwa mankhwala kapena akamwalira, m'nyumba mumatsala mabotolo odzaza, ndipo mwambo wa maliro ukatha achibale amagawana katundu osadziwa chochita ndi mabotolowo. Ena amawabisa chifukwa cha manyazi, ena amapatsa wachibale amene akumwa ofanana nawo, ndipo ena amapeza wowagula. Malo ake a mankhwala amenewa ndi kuchipatala kumene adachokera, kaya ndi ku Bwaila, ku Kamuzu Central, kapena kuchipatala chaching'ono cha m'dera, kumenenso ayenera kudziwitsidwa kuti wodwala wawo adamwalira kuti atseke kaundula wake. Kugawana ma ARV kapena mankhwala a TB kumasokoneza kamwedwe, ndipo tizilombo tikazolowera mankhwala timafuna ena ovuta kupeza ndi okwera mtengo.

Chimene chiyenera kubwezedwa mwachangu kuposa zonse ndi morphine wamadzi, amene amaperekedwa kwa odwala khansa ndi ena omva ululu waukulu kuti azimwera kunyumba. Mankhwala amenewa, pamodzi ndi ena othetsa ululu otchedwa pethidine, ali pansi pa lamulo la mankhwala oopsa, amasungidwa mokiyidwa, ndipo mlingo uliwonse wotuluka umalembedwa m'kaundula. Mlingo umene wodwala khansa adauzolowera ukhoza kuimitsa kupuma kwa mwana amene wamwa poyesa chakumwa, kapena kwa munthu wamkulu amene wapatsidwa ndi mnansi wachifundo kuti dzino lisiye kuwawa. Botolo lotsala lisagone m'nyumba kudikira tsiku limene wina adzadwale.

Mankhwala amene sabwezedwa amathera kwina, ndipo kumeneko ndi kumene kumandidetsa nkhawa. Ena amafika kwa mavenda amene amayala makapusozi ndi mapiritsi padzuwa m'misika ndi m'madepoti, kumagulitsa awiriawiri kwa munthu aliyense amene watchula kuti m'mimba mukupota. Ena amakhala m'kabati zaka, n'kumamwedwa pa matenda amene sadalembedwere. Ena amaponyedwa m'chimbudzi chokumba kapena m'ngalande, ndipo m'madera othithikana monga Mtandire, Chinsapo ndi Mgona, kumene zimbudzi ndi zitsime zimayandikana, zimene zatayidwa pansi zimatha kufika m'madzi. Za m'ngalande zimatsikira mumtsinje wa Lingadzi ndi wa Lilongwe, momwe anthu amachapa ndi kuthiririra madimba. Mankhwala opha tizilombo akamapezeka pang'onopang'ono m'madzi ndi m'nthaka, tizilombo timaphunzira kulimbana nawo. Kutentha pamoto wa zinyalala sikuthetsa vutoli, chifukwa motowo sufika pa ukali wa ng'anjo za kuchipatala, utsi wake ndi woipa, ndipo kachitini ka mankhwala opopera a mphumu kakhoza kuphulika.

Njira yabwino ndi kutengera mankhwala otsala ndi otha mphamvu kufamase kapena kuchipatala, n'kunena momveka kuti mwabwera nawo kuti akawonongedwe, simukufuna ndalama. Mafamase ndi zipatala ali kale ndi njira yowonongera mankhwala awo otha mphamvu motsatira malangizo a PMRA, ngakhale kuti ena amazengereza kulandira a anthu chifukwa kuwononga kumafuna ndalama. M'dziko la Britain mafamase amalandira mankhwala osafunikanso kuchokera m'makomo ngati gawo la ntchito yawo, ndipo onse amakawonongedwa. Ine ndikukhulupirira kuti ndi zotheka kuti famase iliyonse ya chiphaso mu Lilongwe ikhale ndi bokosi lokiya loponyamo mankhwala otere, ndipo mtengo wowonongera ugawidwe pakati pa oitanitsa mankhwala kunja ndi ogulitsa. Si chilungamo kuuza munthu kuti mankhwala sabwezedwa, osamuuza kumene angapite nawo. Amene wasowa kotengera, atulutse mapiritsi m'mapaketi, awasakanize ndi dothi kapena phulusa lonyowa, awamange m'jumbo molimba asanawaike ku zinyalala, pokumbukira kuti kumtaya kumafika ana otolatola. Dzina la wodwala lifufutidwe pabotolo. Singano zobayira insulin ziikidwe m'botolo la pulasitiki yolimba la chitsekerero, ndipo likatsala pang'ono kudzaza lipite kuchipatala.

Popeza mankhwala abwino akatuluka sabwerera, mphindi zimene munthu waima pakauntala asanalipire ndi zofunika kuzigwiritsa ntchito bwino, ngakhale pambuyo patakhala mzere. Wogula ayerekeze dzina ndi mphamvu zolembedwa pabokosi ndi zimene dokotala walemba, ndipo dzina likasiyana afunse, chifukwa mankhwala amodzi amatha kukhala ndi maina angapo malinga ndi kampani yopanga. Aone tsiku lolembedwa pafupi ndi zilembo za EXP, ndipo ngati palembedwa mwezi ndi chaka chokha, mankhwalawo amatha mphamvu kumapeto kwa mwezi umenewo. Pa mankhwala a miyezi itatu awerengere ngati tsikulo silidzafika asanawamalize. Atchule mankhwala ena amene wodwala akumwa ndi amene adamuvutapo kale, ndipo alandire lisiti, pakuti popanda lisiti ngakhale dandaulo lomveka limasanduka mkangano wa mawu okha.

Pa mankhwala okwera mtengo a matenda okhalitsa amene wodwala akuyamba kumene, monga a shuga ndi a kuthamanga kwa magazi, ndi nzeru kufunsa wafamase ngati n'kotheka kugula a sabata imodzi kapena ziwiri poyamba, kuti thupi likawakana ndalama yotayika ikhale yochepa. Nzeru imeneyi siigwira pa mankhwala amene ayenera kumwedwa mlingo wathunthu. LA wa malungo, yemwe adayamba kuperekedwa m'zipatala za m'dziko muno mu 2007, amamwedwa kawiri pa tsiku kwa masiku atatu, mapiritsi 24 onse pamodzi kwa munthu wamkulu, ndipo mankhwala opha tizilombo amamwedwa masiku onse amene dokotala walemba. Oterewa agulidwe onse pakamodzi, ndipo ngati ena atsala m'paketi dokotala asanalamule kusiya, ndiye kuti wodwalayo sadamalize mlingo wake ndipo ayenera kubwerera kuchipatala kuti akaonedwenso.